ZA M'MAKOMBONI ATHU: PHALA LA M'BOTOLO

Sabata ino ndili ndi mlandu ndi inu amuna anzanga. Mutu wake ukumveka ngati wa kuchikuta, woyenera amayi ndi anamkungwi, ndipo ndidziwa kuti ena afuna kutembenuza tsamba kukaona za mpira. Taimani pang'ono, pakuti m'nyumba zambiri za m'komboni mawu oyamba a mlandu umenewu amachokera pakamwa pa bambo.

Zimachitika motere. Mwana wa miyezi 2 kapena 3 ali kulira usiku. Nyumba ndi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo bambo ayenera kulawira m'bandakucha kukalowa m'kheji. Atembenuka pa bedi kawiri katatu, kenaka anena, "Amake mwana, mkaka wokha sukumukwana uyu. Muthirireni kaphala m'botolo kuti tigoneko." Mawa lake mayi atenga singano yootcha pamoto kapena lezala, akuza chiboo cha kamphira kaja timati titi, athira dawale m'botolo, kapena ufa wa ana wogula m'sitolo monga Cerelac, akhutchumula, nampatsa mwana ali chigonere. Anzathu a Chishona nawonso ena amachita chomwecho ndi phala lawo limene amati bota. Owerenga angapo andifunsa ngati kutero kuli kwabwino. Yankho langa ndi lalifupi: si kwabwino, ndipo madotolo a ana ndi anamwino amaletsa.

Sindili kunyoza munthu wotopa, iyayi. Munthu wolowa pansi asanagone ali pangozi iye mwini, ndipo aika pangozi gulu lonse limene agwira nalo ntchito. Tulo ta wa mumgodi si masewera. Chifukwa chake sindidzangoti "lekani" monga kapitao wokalipa, koma ndifuna tione pamodzi chimene phala limeneli limachita m'thupi la khanda, ndiponso ngati limagulitsadi tulo timene bambo ali kufuna kugula.

MPHAMBANO YA PAKHOSI

Pakhosi pa munthu pali mphambano. Njira ina ipita kumimba, ina ipita kumapapo, ndipo pa mphambanopo pali kachitseko kamene kamatseka njira ya mpweya nthawi iliyonse timeza. Khanda poyamwa limachita zinthu zitatu motsatana, kukoka, kumeza ndi kupuma, ndipo bere limatulutsa mkaka molingana ndi mmene mwana ali kukokera. Akaleka kukoka kuti apume, mkakanso umachepa. Tsono titi yokuzidwa ndi lezala ilibe ulemu umenewu. Imangokhuthula, mwana afune asafune, ndipo chimene ikhuthula ndi chinthu cholemera, nthawi zina cha mibulu. Inu a pa mapampu mudziwa bwino chimene chimachitika pampu yopangidwira madzi ikakoka matope.

Kutsamwa kumene timakuona, mwana kutsokomola ndi kufiira maso, ndiko kwabwinoko, chifukwa mayi amathamanga kumuutsa. Choopsa koposa ndi chija chosaoneka, pamene timadontho ta phala tiphonya njira ndi kutsikira m'mapapo mwakachetechete. Papita masiku pang'ono mwana atentha thupi, ali kupuma mofulumira, nthiti zili kulowa m'kati, ndipo dotolo anena kuti ndi chibayo. Palibe amene akumbukira botolo la usiku uja. Ndipo m'nyumba zina, pofuna kuti onse apumule, amatsamiritsa botolo pa pilo kapena pa chitenje chopindapinda, mwana namayamwa yekha mumdima anthu ali m'tulo. Ichi chokha ndikupemphani kuti chithe lero, ngakhale m'botolomo muli mkaka wokha.

Mlengi anaika mlonda pakamwa pa khanda. Yesani kuika kachakudya pa lilime la mwana wa miyezi 2, mudzaona lilime likukakankhira kunja. Sikuti mwanayo ndi wamwano. Thupi lake lili kunena kuti nthawi ya chakudya siinafike, ndipo khalidwe limeneli limatha lokha mwana akamayandikira miyezi 6. Botolo limazembetsa phala kumbuyo kwa mlonda ameneyu.

KODI AMAGONADI?

Apa ndipo pagona nkhani kwa ife amuna. Anthu ophunzira anayesa chinthu chimenechi. M'chaka cha 1989 madotolo a pa chipatala cha Cleveland Clinic, ku America, anaulutsa zimene anapeza pa makanda 106. Anawagawa pawiri: ena anayamba kulandira phala la mpunga m'botolo pokagona ali ndi milungu 5, ena anadikira kufikira miyezi 4, ndipo makolo analemba maola amene ana awo anagona. Powerengera sipanaoneke kusiyana koti munthu angaloze. Ana a phala anadzuka usiku monga anzawo.

Kuti ndisakubisireni kanthu, kuyesa kwina kunachitika ku England ndi Wales pa ana oyamwa oposa 1,300, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Kumeneko ana amene anayamba kulawa zakudya ali ndi miyezi 3 anagonako kuposa anzawo, koma ndi mphindi 16 kapena 17 zokha pa usiku, ndipo apo ndi pamene kusiyana kunakula koposa. Zakudya zawonso sizinali za m'botolo, ndipo anali m'dziko la madzi a m'mipope osadetsa nkhawa. Mphindi 17, abale anga, sizikwana ngakhale kuyenda kuchoka kukomboni kukafika ku shafuti. Ine sindingapereke mapapo a mwana wanga pa mtengo wotere.

Khanda limadzuka usiku chifukwa kamimba kake ndi kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere umagayika msanga. Ndi mmene linapangidwira. Kuyamwa kwa usiku ndikonso kumene kumachulukitsa mkaka wa mayi, pakuti bere lili ngati chitsime cha m'dambo: mukamatunga chimabwera, mukachisiya chimaphwa. Tsono mwana akakhuta phala saayamwa kwambiri, mkaka uchepa, mwana alira koposa, ndipo bambo anena, "Mwaona, ndinanena kuti mkaka sukumukwana." Chonsecho amene wauchepetsa ndi phala lomwelo. Dziwaninso kuti makanda ambiri amalira kwambiri pa milungu ngati 6, makamaka madzulo, ndipo kulira kumeneku kumachepa kokha pofika miyezi 3 kapena 4. Phala likaperekedwa m'nyengo imeneyi limalandira ulemu wa ntchito imene silinagwire.

MPHAMVU YA DAWALE

Ife akuluakulu timakhulupirira ufa. Munthu amene sanadye nsima timati wagona ndi njala, ngakhale atadya mpunga ndi nyama, ndipo mkaka timauona ngati madzi oyera. Pa khanda zinthu zili chotembenuka. Mu mkaka wa m'mawere muli mafuta, muli zomanga thupi, muli shuga wake, muli madzi okwanira ngakhale pa dzuwa la Okutobala la kuno ku Bindura, ndiponso muli asilikali oteteza mwana ku matenda, amene sagulitsidwa m'sitolo iliyonse. Nanga mu dawale muli chiyani? Kuti phala lituluke pa titi liyenera kukhala lamadzimadzi, ndipo phala lotere ndi madzi ambiri ndi kaufa pang'ono. Limadzaza mimba, koma mphamvu yake siifika pa ya mkaka umene lalanda malo ake. Mukalilimbitsa kuti likhale ndi mphamvu, silituluka, ndipo mutenga lezala. Kulikonse kumene mungatembenukire botolo likukolani.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ambiri amachita nayo manyazi kuitchula. Mwana wodalira mkaka wa m'chitini amafuna pafupifupi makilogalamu 20 a ufa wa mkaka pa miyezi 6 yoyamba, ndiko kuti zitini 40 za magalamu 500. Werengani nokha pa malipiro anu. Mwezi ukafika pakati chitini chili kuonetsa pansi, mayi achepetsa masipuni a mkaka, aonjezera madzi, nathira kaufa ka chimanga kuti botolo lioneke loyera. Maso akhutira, koma mwana ali kudya chinyengo.

Dotolo wina wamkazi, Cicely Williams, wobadwira ku Jamaica, anagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Mu 1933 iye analongosola matenda a ana olekedwa bere msanga namadyetsedwa phala la chimanga lokha: kutupa miyendo ndi nkhope, tsitsi kufiira ndi kupepuka, khungu kusendeka, mwana kukhala wosakondwa. Mu 1935 anawatcha ndi dzina limene anthu a mtundu wa Ga anali kuwatchula kale, kwashiorkor, matenda a mwana wolandidwa bere ndi mng'ono wake. Mayi yemweyo mu 1939, ali ku Singapore, anadzudzula poyera amalonda amene anali kukopa amayi osauka kusiya bere ndi kugula mkaka wa m'zitini. Zaka zapita zambiri, koma matenda aja sanathe m'makomboni ndi m'midzi yathu.

Ndipo apa ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi imakhudza ife a kutali ndi kwathu mwa njira ina yowawa. Kwathu mwana akatupa motere akuluakulu amati ndi tsempho, ndipo amayamba kufunafuna amene wasempha mwana. Kapena ndi bambo amene ali ku Halale, ati wayenda njira zosayenera. Kapena ndi mayi amene watsala pamudzi. Makalata aukali alembedwa, ankhoswe aitanidwa, ndipo mabanja ena atha ndithu. Sindifuna kukangana ndi akuluakulu pa mwambo, ndipo kudzisunga m'banja ndi chinthu chabwino pa chokha. Koma musanakhale pabwalo kuweruza mkazi wanu, funsani chimene mwanayo wakhala akudya miyezi itatu yapitayi, ndipo mlandu ukakambidwe mwana ali kale m'manja mwa anamwino.

M'nyumba za olemerako vuto limakhala lina. Iwo sachepetsa mkaka, koma aonjezera ufa wa m'sitolo pamwamba pa mkaka wokwanira kale. Mwana wa botolo lotere amameza chakudya choposa chimene thupi lifuna, chifukwa saadziwa kuti mu mkaka wake mwabisala nsima. Anenepa, masaya alendewera, ndipo anthu ayamika kuti bambo wake ali pa ntchito yabwino. Kunenepa kotere si thanzi. Werengani pa chitini kapena pa paketi ya phala la ana limenelo: alembapo msinkhu woyambira, ndipo chakudyacho ndi cha m'mbale ndi sipuni.

BOTOLO NDI MADZI ATHU

Tengani botolo limene munali phala, mulitsuke mmene mungathere, kenaka muyang'ane pa khosi pake ndi m'kati mwa titi. Mudzapeza kotsalira. M'kotsalira mmenemo, pa kutentha kwa kuno, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana mofulumira kwambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mkaka wa m'chitini usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri 70, uziziritsidwe, ndipo wotsala utayidwe pakapita maola 2. Nanga botolo la phala lokonzedwa madzulo, loikidwa pansi pa bedi, n'kumampatsa mwana mpaka tambala kulira, lili ndi maola angati?

Za madzi sindifunika kukuuzani zambiri. Mipope ya m'malokeshoni ndi m'makomboni imauma masiku ena, ndipo a ku maenje a golide amamwa za m'zitsime zosatseka ndi m'mitsinje. Kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 muno mu Zimbabwe, ndipo anabweranso mu 2023 ndi 2024. Kwathu ku Malawi wa 2022 ndi 2023 anatenga oposa 1,700. Wamkulu akatsegula m'mimba amalimbako masiku; khanda limauma thupi m'maola owerengeka. Liwombo likalowa m'kati, chimene anzathu kuno amati nhova, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Kumata mankhwala pamutu kapena kupaka mafuta m'kamwa sikubweza madziwo. Mwana wotere ayamwe kawirikawiri ali pa njira ya kuchipatala.

Pali chinthu chinanso chimene chinaphunziridwa pafupi pompano, ku Harare, makilomita ngati 90 kuchoka pa Bindura. Pakati pa 1997 ndi 2000 ofufuza a ntchito yotchedwa ZVITAMBO analemba amayi oposa 14,000 ndi makanda awo, nawatsatira. Mu 2005 anaulutsa kuti mwa ana a amayi okhala ndi kachilombo ka HIV, amene anasakaniziridwa bere ndi zakudya zina asanakwane miyezi 3 anali pangozi yotenga kachilombo pafupifupi kanayi pofika miyezi 6, poyerekeza ndi amene anayamwa bere lokha. Ophunzira amaganiza kuti zakudya zolowa msanga zimapweteka matumbo anthete, kachilombo n'kupeza polowera. Masiku ano kuli mankhwala a ma ARV, amene Malawi anayamba kupereka kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa okhala ndi kachilombo mu 2011, ndipo Zimbabwe anatsatira mu 2013. Mayi womwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku amayamwitsa ndithu, ndipo ngozi imachepa kwambiri. Koma malangizo a bere lokha pa miyezi 6 akadalipo, ndipo mwamuna amene sanayezetse magazi ake alibe mawu pa nkhani ya chakudya cha mwana kufikira atapita kukayezetsa.

MPHATSO ZA MUNTHU WA KU MGODI

Bindura uyu anayamba ngati mgodi wa golide wotchedwa Kimberley Reefs mu 1901, natenga dzina la Bindura mu 1913 pamene njanji inafika. Kuyambira masiku amenewo makolo athu anali kubwera kuno, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Amene anabwerera kwawo ananyamula njinga, makina osokera, mabulangete ndi galamafoni, ndipo mudzi wonse unadziwa kuti mwana wa uje wabwera. Botolo la mwana ndi chitini cha mkaka zinalowa m'midzi yambiri pa njira yomweyo, monga chizindikiro cha munthu woona dziko. Kufikira lero mnyamata akamva pa foni kuti mkazi wake wachira ku Dedza kapena ku Mangochi, amathamangira ku sitolo kukagula botolo lokongola kuti atumize pa basi. Mtima wake ndi wabwino. Mphatso yake ndiyo yolakwika.

Maboma anaiona ngozi imeneyi. Mu 1981 msonkhano wa maiko wa WHO unagwirizana malamulo oletsa kutsatsa malonda a mkaka wa m'zitini, mabotolo ndi matiti kwa anthu wamba. Zimbabwe anaika zimenezi m'lamulo lake mu 1998, lotchedwa Statutory Instrument 46, ndipo Malawi nayenso ali ndi lamulo lotere. N'chifukwa chake pa chitini chilichonse mumapeza mawu onena kuti bere ndilo loposa. Komabe kalembera wa 2019 anapeza kuti mu Zimbabwe ana 42 okha mwa 100 osakwana miyezi 6 ndiwo anali kuyamwa bere lokha, ndipo ku Malawi wa 2015 ndi 2016 anapeza 61 mwa 100. Otsalawo ali kumwa madzi, dawale, tiyi, mafuta ophikira ndi zina. Lamulo lingathe kuletsa wamalonda, koma silingalowe m'nyumba ya m'komboni pakati pa usiku.

Mukafuna kutumiza kanthu, tumizani cha mayi. Woyamwitsa amamva njala ndi ludzu kuposa masiku onse. Ndalama ya zitini ziwiri igula nyemba, mtedza, usipa, mazira, mafuta ndi sopo, ndipo ingalipirenso waganyu wopalira m'munda kapena wotunga madzi kuti mayi akhale pansi ndi mwana. Chakudya cha khanda chimadzera m'mbale ya amake.

PAMENE BERE PALIBE

Ndidziwa kuti si nyumba zonse zili ndi mwayi umodzi. Pali ana amasiye, pali amayi odwala kwambiri, ndipo pali ena amene dotolo wawauza kuti asayamwitse. Mwana wotere apatsidwe mkaka wa m'chitini woyenera msinkhu wake, woyezedwa monga alembera pa chitinipo, osachepetsa, osaonjezera, ndi osathiramo ufa wa mtundu uliwonse. Anamwino amakonda kapu yaing'ono kuposa botolo, chifukwa kapu ilibe pobisala litsiro, ndipo womwetsa ndi kapu sangamusiye mwana yekha. Ngakhale khanda la masiku ochepa limatha kumwera m'kapu likagwiridwa chokhalitsa, kapu itangokhudza mlomo, osathira m'kamwa. Pemphani anamwino akuonetseni.

Mayi wa pa ntchito yolembedwa adziwe kuti lamulo la ntchito la Zimbabwe limampatsa masiku 98 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro ake onse, ndipo akabwerera ali ndi ola limodzi pa tsiku loyamwitsira mwana. Wogulitsa pa msika wa ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo alibe tchuthi chotere, koma angathe kufinyira mkaka wake m'kapu yoyera ya chivundikiro, ndipo pa malo ozizira mkakawo ukhala bwino maola 4.

Wina adzati, "Koma ine dotolo anandiuza kuti ndilimbitse mkaka." Zoona, zimachitika. Pali ana ena obweza mkaka kwambiri kotero kuti sakwera sikelo, ndipo dotolo atawayesa amalamula mkaka wolimbitsidwa, natchula cholimbitsira chake ndi muyeso wake. Umenewo ndi mankhwala a mwana mmodzi ameneyo. Simubwereka magalasi a maso a mnzanu chifukwa iye aona nawo bwino. Kubweza pang'ono pomaliza kuyamwa kuli pa makanda ambiri, ndipo kumatha kokha. Mwana agwiridwe choimika pa phewa kufikira atageya.

NTHAWI YA SIPUNI

Mwana akakwana miyezi 6, khosi lalimba, akutha kukhala pomuchirikiza, ndipo ali kutsata ndi maso dzanja lanu popita kukamwa, nthawi ya phala yafika, ndipo musachedwenso, pakuti kuyambira apa bere lokha silikwanira. Phala likhale lolimba, loti mukapendeketsa sipuni silikuyenderera. Yambani ndi masipuni 2 kapena 3 kawiri pa tsiku, muzionjezera pang'onopang'ono. Pa miyezi 6 kufikira 8 adye kawiri kapena katatu, kuyambira miyezi 9 katatu kapena kanayi, ndipo bere lipitirire kufikira zaka 2 kapena kuposa. Ufa ukhale wa mgaiwa. Muthiremo nsinjiro kapena chiponde, chimene kuno amati dovi, tsiku lina dzira, tsiku lina matemba osinja, masamba a nkhwani ophika ndi kupota, dzungu, peyala kapena nthochi. Likuni Phala, amene anatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni cha Likuni pafupi ndi Lilongwe, ndi nzeru yomweyi ya kusakaniza chimanga ndi soya. Uchi musampatse asanakwane chaka.

Pa sipuni mwana amaphunzira kutafuna, kuyendetsa lilime, ndi kutembenuza mutu akakhuta. Adzalavula, adzapaka phala m'tsitsi, adzagwira sipuni ndi kuitaya pansi. Ntchito imeneyi ikufuna munthu wosafulumira, ndipo sindiona chifukwa chimene bambo wobwera ku shifiti ya m'mawa sangaigwire masana amake ali kuchapa.

Tsono tibwerere ku tulo tanu. Ngati mawa mulowa m'bandakucha, yalani mphasa m'chipinda china, kapena pemphani malo kwa mnzanu wosakwatira pa masiku ovutawo. Palibe manyazi pamenepo. Madzulo musanagone nyamulani mwana inuyo, muyende naye pakhonde, amake adye ndi kupumako. Usiku mwana akhale pafupi ndi amake, pa malo ake osalala ndi olimbirako, wogonekedwa chagada, kuti ayamwe asanafike polira mokweza. Ndipo munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya asagone pa bedi limodzi ndi khanda.

Kovuta kwenikweni ndi kwa agogo. Amayi anu kapena apongozi anu analera ana asanu ndi atatu ndi dawale, ndipo sadzamvera mpongozi wachitsikana wobwera ndi mawu a kusikelo. Mkazi wanu sangawatsutse. Inu mungathe kuwapempha. Imbani foni nokha, mufunse za moyo ndi za m'munda monga mwa mwambo, kenaka munene, "Amayi, ndili ndi pempho. Mdzukulu wanuyo tiyeni ayambe wayamwa bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, monga anenera achipatala. Tsiku loyamba phala mudzamuyambitse ndinu." Mawu a mwana wamwamuna amene amatumiza ndalama amalemera pamudzi, ndipo agogo akapatsidwa ulemu wa sipuni yoyamba kawirikawiri amasanduka alonda a lamulolo.

Ambiri a inu munaphunzira chithandizo choyamba pa mgodi, koma cha khanda ndi chosiyana ndi cha munthu wamkulu. Mwana akatsamwa koma ali kutsokomola mwamphamvu, muutseni, mumusiye atsokomole. Akakhala kuti satha kulira kapena kupuma, mugonekeni chafufumimba pa mkono wanu, mutu uli chotsika, mutagwira chibwano chake, ndipo mummenye kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho. Zikakanika mutembenuzeni chagada, mukanikize kasanu ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa, ndipo mubwereze motero wina ali kuthamangira thandizo. Musapise chala m'kamwa kufunafuna chimene simukuchiona. Mwana amene ali kupuma mofulumira, nthiti kulowa m'kati, kukana bere, kutentha thupi, kufooka kapena kutupa mapazi, apite tsiku lomwelo ku kiliniki ya pa mgodi kapena ku Bindura Provincial Hospital, pamodzi ndi khadi lake la kusikelo, ndipo mukawauze anamwino zonse zimene wakhala akumwa, phala la m'botolo lomwe, osabisa.

Sabata ya mawa tidzakamba za fumbi la pansi ndi chifuwa chachikulu. Amene ali ndi mafunso alembere kwa Mkonzi monga mwa masiku onse. Tsalani bwino.